BAMBO GREGOR MENDEL, WANSEMBE AMENE ANAWERENGA NSAWAWA

Pa tchuthi chapitachi, ndili kwathu ku Likhubula m'munsi mwa phiri la Mulanje, agogo anga aakazi anandipatsa ntchito yotong'ola chimanga cha mbewu. Chinali chimanga cha makolo, ndipo pakati pa njere zoyera panali zina zofiirira. Agogo anandiuza kuti chaka chilichonse amasankha njere zoyera zokhazokha pobzala, komabe zofiirirazo sizileka kubwera. Ndinawafunsa chifukwa chake, iwo n'kungoseka ndi kundikumbutsa mwambi uja wakuti make mbuu, mwana mbuu. Koma mwambiwu sunandikhutiritse, popeza make wa njere zofiirirazo anali woyera. Nditabwerera kuno ku seminale ndinapita nalo funsoli ku phunziro la Biology, ndipo ndi m'mene ndinakumanira ndi munthu amene ndifuna kukuuzani mbiri yake, anzanga, abambo ansembe ndi inu makolo athu.

Mwana wa mlimi wosauka

Johann Mendel anabadwa mu Julaye 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, umene lero umatchedwa Hynčice, m'dziko la Czech Republic. Pa nthawiyo dera limeneli linali pansi pa ufumu wa Austria. Bambo ake, a Anton, anali mlimi wamba, ndipo masiku ena pa mlungu ankakakamizidwa kukagwira ntchito m'munda mwa mwini malo. Ankakonda kumezanitsa mitengo ya zipatso, ndipo Johann anaphunzira luso limeneli akadali wamng'ono.

Aphunzitsi ataona kuti mwanayu ndi wanzeru, anapempha makolo ake kuti amutumize ku sukulu yapamwamba ku Troppau, kumene anayamba mu 1834. Ndalama zinali zovuta, ndipo nthawi zambiri ankagona ndi njala. Mu 1838 bambo ake anavulala kwambiri mtengo utawagwera, kotero kuti Johann anayamba kudzipezera yekha fizi pophunzitsa ana anzake. Atapita ku Olomouc mu 1840 kukapitiriza maphunziro, umphawi ndi nkhawa zinamudwalitsa mpaka anakakhala kumudzi kwa nthawi ndithu. Amene anamupulumutsa ndi mlongo wake wamng'ono, Theresia, yemwe anapereka gawo la chuma chimene makolo anamusungira kuti adzalowe nacho m'banja. Johann sanaiwale zimenezi. Atakula anaphunzitsa ana aamuna atatu a Theresia, ndipo awiri mwa iwo anakhala madokotala. Ambiri a ife tikudziwa mbuzi kapena thumba la nandolo limene linagulitsidwa kuti tikhale pano, choncho nkhani imeneyi si yachilendo.

Unsembe ndi mayeso awiri

Mu 1843 Johann analowa chipani cha Augustine Woyera m'nyumba ya amonke ya St Thomas mumzinda wa Brno, ndipo analandira dzina latsopano lakuti Gregor. Anadzozedwa unsembe mu Ogasiti 1847. Ntchito yawo yoyamba inali ya m'parishi, kuphatikizapo kuyendera odwala m'chipatala, koma kuona anthu akuzunzika kunkawakhudza mtima kwambiri mpaka iwonso anadwala. Mkulu wa nyumbayo, Bambo Cyrill Napp, amene ankakonda maphunziro ndi zaulimi, anaona kuti mphatso ya wansembe wachinyamatayu ili kwina, ndipo mu 1849 anawatumiza kukaphunzitsa ku Znojmo.

Ana asukulu ankawakonda, koma Bambo Mendel analibe setifiketi ya uphunzitsi. Mu 1850 analemba mayeso ndipo analephera. Chodabwitsa n'chakuti gawo limodzi limene sanachite bwino linali lokhudza nyama ndi zachilengedwe. Bambo Napp sanataye mtima. Anawatumiza ku yunivesite ya Vienna kuyambira 1851 mpaka 1853, kumene anaphunzira Physics kwa Christian Doppler ndi za zomera kwa Franz Unger. Kumeneko ndi kumene anazolowera kuyeza ndi kuwerenga chinthu chilichonse asananene kanthu. Mu 1856 anayesanso mayeso aja, koma anadwala ali m'kati ndipo sanapambane. Anaphunzitsa zaka zambiri ku Brno monga mphunzitsi wongogwirizira. Chaka chomwecho cha 1856 ndi chimene anayamba ntchito imene tikuwakumbukira nayo lero.

M'dimba la nsawawa

Pafupi ndi khoma la nyumba ya amonke panali kadimba kakang'ono, kotalika pafupifupi mamita 35 ndi mamita 7 m'lifupi. Bambo Mendel anasankha nsawawa, zimene kwathu ena amati kabaifa. Duwa la nsawawa limadzipatsa lokha mungu lisanatseguke, choncho mtundu uliwonse umakhala wosasakanizika pokhapokha munthu atalowererapo. Anayamba ndi mitundu 34, naiyesa zaka ziwiri kuti aone ngati ikubereka zofanana ndi makolo ake, kenaka anasankhapo 22. Anayang'ana zizindikiro zisanu ndi ziwiri zosavuta kusiyanitsa, monga njere yosalala kapena yamakwinya, njere yachikasu kapena yobiriwira, ndiponso chomera chachitali kapena chachifupi.

Ntchito yake inali yotopetsa. Ankatsegula duwa lililonse ndi kachitsulo kopanira, kuchotsa timitu ta mungu, kupakapo mungu wa chomera china, kenaka kulimanga m'kathumba kuti tizilombo tisabweretse mungu wachilendo. Kuyambira 1856 mpaka 1863 analima zomera pafupifupi 28,000. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atakwatitsa nsawawa zosalala ndi zamakwinya, ana onse anatuluka osalala, ngati kuti makwinya afera pomwepo. Koma atabzala anawo ndi kuwasiya adzipatse okha mungu, makwinya anabweranso mwa zidzukulu. Anthu ena anali ataziona kale zotere, koma Bambo Mendel anachita chimene enawo sanachite: anawerenga. Anapeza njere zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850. Pa mtundu wa njere anapeza zachikasu 6,022 ndi zobiriwira 2,001. Pa msinkhu anapeza zomera zazitali 787 ndi zazifupi 277. Mukagawa manambala amenewa muona kuti paliponse pakutuluka pafupifupi zitatu kwa chimodzi.

Anafotokoza motere. Pa chizindikiro chilichonse chomera chimasunga tinthu tiwiri, kena kochokera kwa make, kena kwa bambo wake, ndipo pobereka chimapatsa mwana kamodzi kokha mwa tiwirito, mwamwayi. Kanthu ka kusalala kali ndi mphamvu yophimba ka makwinya, kotero njere imaoneka yamakwinya pokhapokha italandira ka makwinya kuchokera mbali zonse ziwiri. Pa njira zinayi zimene tinthuti tingakumanire, imodzi yokha ndi yotero. Tinthu timeneti lero timatchedwa majini, koma agogo asachite mantha, si majini aja a mizimu ayi. Mfundo yaikulu ndi yakuti jini likhoza kubisala kwa mbadwo umodzi kapena ingapo, koma silisungunuka.

Alimi a kwathu amazidziwa zimenezi ngakhale sanamvepo za Brno. Mukabzala chimanga cha haibulidi chogula kumene, munda wonse umakula mofanana. Mukasunga mbewu ya m'munda womwewo n'kubzalanso, mapesi ena amatalika, ena amafupika, ndipo zokolola zimatsika, chifukwa zimene zinabisala mwa ana zatulukira mwa zidzukulu.

Funso limene linavuta Darwin

Bambo Mendel ali kalikiliki m'dimba, ku England Charles Darwin anatulutsa buku lake lotchuka la On the Origin of Species mu 1859. Darwin anaona kuti zamoyo za mtundu umodzi sizifanana ndendende, ndipo zimabereka ana ambiri kuposa amene angakhale ndi moyo. Amene ali ndi chizindikiro chowathandiza pa malo amene akukhala ndiwo amapulumuka kawirikawiri ndi kusiya ana ambiri, choncho pakapita mibadwo gulu lonse limasintha. Uku ndiko kusankha kwa chilengedwe. Ine ndimakuyerekeza ndi mayi amene akupeta: lichero silipanga njere, limangolekanitsa zimene zilipo kale.

Koma Darwin sankadziwa m'mene zizindikiro zimapitira kwa ana. Anthu ambiri pa nthawiyo ankakhulupirira kuti za bambo ndi za mayi zimasakanizika monga mkaka m'tiyi. Mu 1867 Fleeming Jenkin anatsutsa Darwin pa mfundo yomweyi. Ngati zinthu zimasakanizika chotero, chizindikiro chabwino chikaoneka mwa mmodzi chidzachepa mphamvu ndi theka pa mbadwo uliwonse mpaka kutheratu, ndiye chilengedwe chidzasankha chiyani? Yankho linali litasindikizidwa kale chaka chimodzi m'mbuyomo. Nsawawa za ku Brno zinaonetsa kuti majini sali ngati mkaka m'tiyi, koma ngati nyemba ndi chimanga m'lichero limodzi: zikhoza kukhalira pamodzi, koma nyemba imakhalabe nyemba.

Bambo Mendel anawerenga buku la Darwin lomasuliridwa m'Chijeremani, ndipo buku lawolo likadalipo ku Brno ndi mizere imene analemba m'mphepete mwa masamba. Koma anthu awiriwa sanakumanepo, ndipo Darwin anamwalira mu 1882 asanagwiritse ntchito zimene wansembeyu anapeza.

Zaka za chete

Pa 8 Febuluwale ndi pa 8 Malichi 1865 Bambo Mendel anafotokoza zotsatira zawo ku bungwe la okonda zachilengedwe la ku Brno, ndipo mu 1866 zinasindikizidwa m'buku la bungwelo. Anatumiza makope kwa akatswiri ena, koma ambiri sanalabadire. Carl Nägeli wa ku Munich anawayankha, ndipo anawalimbikitsa kuti ayese chomera china chotchedwa Hieracium. Zaka zingapo zinathera pamenepo, maso awo n'kuyamba kuvuta chifukwa cha kuchepa kwa timaluwa take, koma zitatu kwa chimodzi zija sizinatuluke. Panalibe amene ankadziwa pa nthawiyo kuti chomera chimenechi kawirikawiri chimapanga njere popanda mungu.

Mu 1868 anasankhidwa kukhala mkulu wa nyumba ya amonke. Ntchito za mu ofesi zinawachulukira, ngakhale anapitiriza kuweta njuchi ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Zaka khumi zomaliza za moyo wawo anazithera pa mkangano ndi boma pa nkhani ya msonkho watsopano wa nyumba za amonke, umene iwo anakana kulipira. Anamwalira ndi matenda a impso pa 6 Januwale 1884 ali ndi zaka 61. Anthu a ku Brno analira mtsogoleri wachifundo ndi mphunzitsi wabwino, osadziwa kuti akuika m'manda katswiri wamkulu.

Mu 1900 akatswiri atatu a zomera, Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak, anafalitsa zotsatira zofanana ndi zawo, ndipo dzina la Mendel linatulukira. Poyamba otsatira Mendel ndi otsatira Darwin ankatsutsana. Zinatengera masamu a Ronald Fisher, J.B.S. Haldane ndi Sewall Wright, cha m'ma 1930, kuonetsa kuti mbali ziwirizi ndi mizati ya nyumba imodzi. Kuyambira pamenepo kusintha kwa zamoyo kumafotokozedwa mwachidule chonchi: m'gulu la zamoyo, majini ena amachuluka pamene ena akuchepa pakapita mibadwo. Zimene zimachititsa kusinthaku zilipo zinayi zikuluzikulu, ndipo zonse zikuoneka kuno kwathu.

Malungo ndi chloroquine

Makolo athu akukumbukira mankhwala owawa a chloroquine. Kwa zaka zambiri ankachiza malungo bwino. Koma jini likamakopedwa kuti lipite kwa ana, nthawi zina pamachitika kaphonyo kakang'ono, kamene akatswiri amati mutation. Iyi ndi njira yoyamba, ndipo ndi gwero la zizindikiro zatsopano. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia kunaoneka tizilombo ta malungo ta jini losinthika, tosamva chloroquine. Tinayenda m'magazi a apaulendo ndi mwa udzudzu mpaka kufika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1978. Iyi ndi njira yachiwiri, kusamuka kwa majini kuchoka m'gulu lina kulowa m'gulu lina.

Kenaka lichero linagwira ntchito yake, yomwe ndi njira yachitatu. Wodwala aliyense akamwa chloroquine, tizilombo tomva mankhwala tinkafa, tosamva n'kutsala ndi kuswana. Ana ambiri anamwalira atamwa mankhwala amene sankagwiranso ntchito. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba SP, amene ambiri amati Fansidar. Zimene zinatsatira n'zochititsa chidwi. Ku Blantyre, jini losamva mankhwala lija linkapezeka mwa odwala 85 pa 100 aliwonse mu 1992, koma pofika 2000 linatsika kufika 13 pa 100. Pa kafukufuku wa mu 2005 mumzinda womwewo, chloroquine anachiza ana 99 pa 100 aliwonse. Chifukwa chake n'chakuti pamene palibe chloroquine, jini losamvalo limakhala katundu wolemera kwa kachilombo, ndipo tizilombo tomva mankhwala, timene sitinatheretu, tinachulukanso.

Pambuyo pake tizilombo tinayambanso kusamva SP, ndipo mu 2007 dziko lathu linayamba kugwiritsa ntchito LA. Sindikunena kuti tibwerere ku chloroquine ayi, zimenezo ndi za achipatala. Ndikunena kuti kumwa mankhwala tisanayezedwe, kapena kusiyira panjira tikangopezako bwino, n'kuthandiza tizilombo tolimba kuti titsale tokha.

Chimanga cha agogo, nanzikambe ndi mkungudza

Funso langa lija linayankhidwanso ndi njira yachiwiri. Ndevu iliyonse ya chimanga imalandira mungu wakewake, kotero njere iliyonse pa chitsononkho ikhoza kukhala ndi bambo wake. Mphepo imatenga mungu ku ngayaye za m'minda yoyandikana, ndipo minda ya kwathu ndi yaing'ono ndi yothithikana. Agogo amasankha make, koma bambo amabwera ndi mphepo.

Nanga kusamuka kwa majini kukaduka zimatha bwanji? M'nkhalango za phiri la Mulanje muli nanzikambe amene sapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Dzina lake la sayansi ndi Nadzikambia mlanjensis, lochokera ku mawu athu a Chichewa. Mbale wake wapafupi, amene anapatsidwa dzina mu 2010, amakhala pa phiri la Mabu ku Mozambique. Pakati pa mapiri awiriwa pali chigwa chimene nanzikambe wa m'nkhalango sangawoloke. Magulu awiriwa atalekana kwa nthawi yaitali, lililonse linasintha palokha mpaka kukhala mitundu iwiri.

Njira yachinayi ndi mwayi chabe, umene akatswiri amati genetic drift. Tiyerekeze kuti muli ndi thumba la nyemba zamitundumitundu, ndipo mwatapamo zisanu ndi ziwiri zokha kuti zikhale mbewu. Mitundu ina idzatsala kunja, osati chifukwa ndi yoipa, koma chifukwa dzanja silinaigwire. Gulu likachepa, mwayi umakhala ndi mphamvu kuposa kusankha kwa chilengedwe.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, unatchedwa dzina la Alexander Whyte amene anatola nthambi zake pa phirili mu 1891, ndipo mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu. Mwachilengedwe umamera pa phiri lino lokha. Ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa anaumaliza, ndipo nsabwe za mitengo zimene zinaoneka m'dziko muno mu 1986 zinawonjezera vuto. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira, labzala mbande zikwi mazanamazana, ndipo mbewu ina inachokera ku mitengo imene inabzalidwa kale pa phiri la Zomba. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Komabe mtengo uliwonse wakale umene unagwa unapita ndi majini ake. Mwina pakati pa imene inachekedwa panali ina yopirira chilala kapena nsabwe kuposa inzake. Mbande tikhoza kuchulukitsa pa nazale, koma jini limene latayika sitingalibweze. N'chifukwa chake otola mbewu amayesetsa kutenga ku mitengo yambiri yosiyanasiyana.

Zimene ndatolapo

Mnzanga wina anandifunsa ngati mseminale ayenera kuphunzira zinthu zotere. Ndinamukumbutsa kuti mu 1996 Papa John Paul II anavomereza kuti umboni wa kusintha kwa zamoyo ndi wamphamvu, natsindika kuti mzimu wa munthu umachokera kwa Mulungu. Ndinamukumbutsanso kuti amene anaika maziko a phunziro la majini ankapereka nsembe ya Misa m'mawa asanalowe m'dimba.

Kwa ife amene manambala ofiira a pa lipoti amatisowetsa tulo, tikumbukire kuti munthu uyu analephera mayeso kawiri, ndipo anamwalira zaka 16 dziko lisanazindikire ntchito yake. Sizikutanthauza kuti tileke kuwerenga, pakuti iye sanaleke. Anali ndi mlongo amene anadzimana, ndi mkulu amene anaona mphatso mwa wansembe wolephera ntchito ya m'parishi.

Pa tchuthi chikubwerachi ndapempha agogo kuti andipatse mizere iwiri kumapeto kwa munda. Ndidzabzala njere zofiirira zija pazokha, ndidzamanga timatumba pa ngayaye ndi pa ndevu, ndipo pokolola ndidzawerenga njere imodziimodzi. Agogo avomera, koma achenjeza kuti ndikawononga mbewu yawo ndidzalima ndekha munda wonse.

Wophunzira wa Fomu 3, wochokera ku Likhubula, Mulanje